Moto, Mpani ndi Batala: Mbiri ya Ndiwo Zootcha ku Gombe la Atonga

Nkhani ya ndiwo zootcha ikabuka pagulu sichedwa kusanduka mkangano. Wa ku Mzimba amalumbira kuti palibe choposa nthiti ya ng'ombe yopsera pa makala. Wa ku Lilongwe amaikira kumbuyo kanyenya wa mbuzi wothira tsabola. Wa ku Dedza mwina atchula mbewa zapampani. Koma mukafika m'mphepete mwa nyanja m'boma la Nkhata Bay, kuchokera ku Kande, kudzera pa Chintheche mpaka ku Usisya, yankho limabwera mosazengereza: batala wootcha, pambali pake kondowole wotentha.

Ena amati nkhani yotere ilibe woweruza, aliyense ndi m'kamwa mwake. Ine ndikuona kuti m'kamwa mumachita kuphunzitsidwa. Nthaka, nkhondo, maulendo ndi njala ndizo zimaphunzitsa lilime la mtundu wa anthu, ndipo mwana akamakula amangolandira maphunzirowo m'mbale ya amayi ake. Kuti timvetse chifukwa chake nsomba yayitali, yamano akuthwa, yokhala m'madzi akuya inalanda malo a ng'ombe pa moto wa Atonga, tiyenera kubwerera kutali, kumene moto weniweniwo unayambira.

Kumpoto kwa nyanja yathu ndi amodzi mwa malo amene munthu anakhalako kalekale. Akatswiri ofukula zakale amene agwira ntchito ku Karonga, atayerekeza zida zamwala zimene anapeza ndi makala okwiririka m'matope a pansi pa nyanja, anaona kuti zaka zoposa 85,000 zapitazo anthu a kuno ankatentha kale tchire mwadala, mpaka nkhalango zinasintha maonekedwe. Anthu amenewo analibe mphika. Nyama kapena nsomba ikapezeka, njira inali yoiika pa moto basi. Choncho kuotcha ndi kwakale kuposa kuphika, kuposa nsima, ndiponso kuposa ulimi. Mibadwo yosawerengeka itadutsa, pafupifupi zaka 1,700 zapitazo, kunafika anthu osula zitsulo, oumba mbiya ndi olima, ndipo m'kupita kwa nthawi ziweto zinayamba kuoneka m'midzi ya m'mbali mwa nyanja.

Koma dziko la pakati pa mtsinje wa Dwambazi ndi mapiri a ku Usisya silinali lokomera ng'ombe. Kumadzulo kuli mapiri a Viphya amene amatsetserekera kunyanja. Mvula imagwa yambiri kuposa madera ambiri a dziko lino, nkhalango zinali zowirira, ndipo kashembe amene amapatsira ziweto matenda ankapezeka m'malo ambiri otsika. Mbuzi ndi nkhuku zinkapirira, koma ng'ombe zinali zowerengeka. Khola la Mtonga linali nyanja: m'menemo ndimo munali chuma chake, ndiwo zake ndi ulemu wake pakati pa anzake.

Nyanja ya kuno siili ngati ya ku Mangochi. Kummwera madzi ndi osaya, kuli mchenga ndi bango, ndipo n'kwawo kwa chambo. Kuno gombe limagwa msanga. Pamalo pakuya koposa pa nyanja yonse, mamita pafupifupi 700, pali kumpoto kwa Nkhata Bay, chakufupi ndi dera la Usisya. Msodzi akapalasa bwato pang'ono chabe amakhala ali kale pamadzi akuya, pamene pamayenda usipa, utaka, ndi nsomba zimene zimadya zinzake. Mmodzi mwa alenje a m'madzi amenewa ndi batala, wa m'banja la mcheni, amene amanenepa chifukwa chodya usipa. Mawonekedwe a nyanjayi ndiwo anayamba kusankhira anthu a kuno chootcha chawo, iwo asanaganizeko.

Chida choyamba chootchera chinali mpani. Munthu amadula kamtengo kakawisi, n'kukang'amba pakati osafika kumapeto, n'kupanikiza nsomba m'menemo mopingasa, kenaka n'kumanga kukamwa kwake ndi luzi. Mpaniwo amauzika pansi mopendekera, pambali pa moto, osati pamwamba pa malawi. Nsomba imapsa ndi kutentha kokha, mafuta akudontha pang'onopang'ono, ndipo mbali imodzi ikafiira amautembenuza. Kamtengo kakhale kakawisi kuti kasapse nsomba isanapse. Nzeru yaing'onoyi yadutsa mibadwomibadwo, ndipo lero lomwe asodzi akagona kugombe lakutali amaotcha motero. Makolo ankasiyanitsanso kuotcha ndi kuwamba. Kuotcha n'kwa lero, pamene njala ili pakhosi. Kuwamba n'kwa mawa: nsomba imakhala pa utsi nthawi yaitali mpaka madzi atatha, kuti isungike kapena ipite kumapiri kukasinthanitsa ndi mawere, nyemba kapena makasu.

Mitsinje nayo inali ndi nyengo yake. Mvula ikagwa, mpasa, sanjika ndi ntchila zinkakwera mitsinje monga Luweya kukaswana, ndipo eni madooko ankatchinga madzi ndi mipanda ya mitengo n'kutchera miono. Mpasa ndi nsomba yamafuta, ndipo wakale aliyense amene anaidya yootcha amaitchula ndi ulemu. Nyama ya miyendo inayi inkabwera mwa apo ndi apo: nguluwe yogwidwa ikuononga m'munda, mbawala ya ku uzimba, kapena mvuu, imene ikaphedwa mudzi wonse unkadya mpaka kuyanika mizongo. Mbuzi inkafa pa zifukwa: maliro, ukwati, mlandu, kapena mlendo wolemekezeka.

Mnzake wa nsomba m'mbale anachokera kutali kwambiri. Chinangwa ndi mbewu ya ku South America, imene Apwitikizi anaibweretsa ku magombe a Africa, ndipo inalowa mkati mwa dziko pang'onopang'ono potsata njira za malonda. Itafika kuno inapeza mchenga, kutentha ndi mvula zoiyenera. Amayi anaphunzira kuchisenda, kuchiviika m'madzi masiku angapo kuti ululu uchoke, kuchiyanika, kuchisinja ndi kuchisefa. Ufa umenewu ndiwo umapanga kondowole, nsima yonanda, yolemera m'manja, ya kafungo kowawasa pang'ono. Kondowole safuna ndiwo zozizira mtima. Amafuna chinthu chamafuta ndi chamchere choti chimutsetsereze kukhosi, ndipo nsomba yonona yootcha imachita ntchito imeneyi bwino lomwe.

Kenaka kunabwera nkhondo, ndipo inabwera ndi ng'ombe. Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu Novembala 1835, tsiku limene kadamsana anaphimba dzuwa. Atayendayenda mpaka kufika ku Tanzania, kumene Zwangendaba anafera, gulu la M'mbelwa linabwerera n'kukhazikika ku mapiri a Mzimba cha m'ma 1850. Kwa Angoni nyama yeniyeni inali ng'ombe. Amuna ankaiotchera ku sangweni, pafupi ndi chipata cha khola, ndipo chiwalo chilichonse chinali ndi mwini wake potsata ukulu. Magazi nawo ankaphikidwa kukhala uwende. Nsomba sankaiwerengera. Magulu awo ankhondo ankatsikira kunyanja kudzalanda chakudya ndi anthu, ndipo Atonga ambiri anakulira ku ukapolo kumapiri, anyamata akulowetsedwa m'magulu ankhondo. Kumeneko analawa nyama ya ng'ombe ndi kuphunzira kaotchedwe kake.

Otsala kunyanja anadzimangira malinga. Lotchuka linali la Mankhambira pafupi ndi mtsinje wa Chintheche, ndipo lina linali la Marenga ku Bandawe. M'masiku amenewo chinangwa ndi nsomba zinapulumutsa mtundu. Nkhokwe ya chimanga mdani amaitentha kapena kuikokolola, koma chinangwa chimakhala m'nthaka mpaka mwini atachifuna. Ng'ombe mdani amaikusa n'kupita nayo, koma nsomba sangaikuse. Chapakati pa zaka za m'ma 1870 Atonga a ku ukapolo anagalukira ambuye awo n'kuthawira kunyanja. Angoni anawalondola, koma anagonjetsedwa pa nkhondo ya pa Chintheche. Obwerawo anadza ndi luso la nthungo ndi chishango, koma pa chakudya anabwerera ku za makolo awo. Ndi chifukwa chake kukonda nsomba ndi kondowole kuno sikuli nkhani ya m'mimba yokha. Muli chikumbutso cha anthu amene anakana kutha.

Azungu oyamba anapeza moyo umenewu uli m'chimake. David Livingstone anayenda m'mbali mwa gombeli mu 1861, ndipo analemba za unyinji wa anthu, mabwato, makoka, ndi za nkhungu, tizilombo timene timatuluka m'nyanja ngati utsi, timene anthu amatikola n'kutiumba zikondamoyo zakuda. Mu 1881 mishoni ya Livingstonia, motsogozedwa ndi Dr Robert Laws, inasamuka ku Cape Maclear kudzakhazikika ku Bandawe. Cha m'nyengo yomweyo chinafikanso chida chimene chinasintha usodzi wa kumpoto: khoka la chilimira, limene linafala kuchokera ku Likoma, kumene linadza ndi amalonda a kugombe la kum'mawa. Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Chilimira chimakokedwa ndi mabwato pamadzi akuya, pamwamba pa virundu, zitunda za miyala za pansi pa nyanja pamene utaka umasonkhana. Nsomba zinachuluka m'midzi, ndipo usipa ndi utaka zikachuluka nyambo yogwirira batala ndi kampango pa mbedza imapezekanso mosavuta. Kumtunda zinthu zinali zina: m'ma 1890 mliri wa ng'ombe unasesa makola a kumpoto, ndipo nyama ya ng'ombe inasowa ngakhale kwa eni ake.

Sukulu za ku Bandawe zinatsegula chipata china. Atonga anali m'gulu la anthu oyamba m'dziko muno kuphunzira kulemba ndi kuwerenga mwaunyinji, komanso oyamba kupita kukagwira ntchito yolipidwa. Anayamba ndi kampani ya African Lakes, imene anthu ankaitchula kuti Mandala, monga amtengatenga ndi asilikali pa nkhondo yolimbana ndi Mlozi ku Karonga. Msonkho utakhazikitsidwa, ndipo Chintheche itakhala boma la West Nyasa, ulendo unatalika: Salisbury, Bulawayo, migodi ya Johannesburg, mpaka Cape Town. Clements Kadalie, wobadwira ku Chifira pafupi ndi Bandawe, anakayambitsa bungwe la ogwira ntchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Pamene katswiri wa chikhalidwe J. van Velsen ankakhala pakati pa Atonga m'ma 1950, anapeza kuti amuna ambiri amphamvu zawo anali kunja kwa dziko, midzi ikuyendetsedwa ndi amayi ndi okalamba.

Ambiri mwa amuna amenewa anali akalaliki, akapitawo, ndiponso ophika ndi operekera zakudya m'mahotela ndi m'nyumba za azungu. Kumeneko anaona braai ya ku South Africa: nyama yodulidwa mopyapyala, soseji, waya woyalidwa pamwamba pa makala, ndi chizolowezi chootcha nyama pongofuna kusangalala, popanda maliro kapena mlandu. M'makomboni a migodi anaphunziranso kugula mutu, ziboda ndi zam'kati, zimene zinali zotsika mtengo. Pobwera kumudzi ankabwera ndi masuti, njinga, magalamafoni ndi ndalama. Nyengo ya Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano, pamene atsikana amavina chilimika, inasanduka nyengo ya mpunga, nkhuku ndi mbuzi. Mtchona wobwera kwawo patapita zaka ankayenera kupha mbuzi kuti mudzi udziwe kuti wafika. Chiwindi ndi nthiti zinkapita pa moto msangamsanga kuti akuluakulu alawe, yotsalayo n'kulowa mumphika. Kuyambira pamenepo mbuzi yootcha inakhala ndiwo ya chikondwerero, koma ya tsiku ndi tsiku inakhalabe ya m'nyanja.

Zaka za m'ma 1950 zinafulumizitsa zinthu. Sitima ya Ilala imene tikuidziwa lero inayamba kuyenda mu 1951, ndipo kwa anthu a ku Usisya, kumene msewu wake ndi wotsetsereka ndi wovuta nthawi ya dzinja, inakhala njira yodalirika yotumizira nsomba kumisika. Mu 1954 ndi 1955 gulu la akatswiri a nsomba linakhala ku Nkhata Bay kufufuza za usipa, utaka ndi nsomba zina za kumpoto. Ulusi wa nayiloni unalowa m'malo mwa ulusi wa zomera zam'tchire umene makolo ankapota pantchafu. Nyali za parafini zinalowa m'malo mwa miuni ya udzu pokopa usipa usiku, ndipo pambuyo pake injini zinayamba kukankha maboti. Mu 1974 ndege ya Wenela yonyamula ogwira ntchito ku migodi itagwa ku Francistown, Dr Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu a ku migodi, ndipo amuna ambiri anabwerera kwawo kudzafuna zochita. Ena analowa m'nyanja, ena m'minda ya tiyi ya Chombe ndi Kawalazi kapena ya mphira ya Vizara, ena anayamba timalonda.

Msewu wa M5 utathiridwa phula, malo ochitira malonda monga Kande, Chintheche ndi Mpamba anakula, ndipo nawo unakula utsi wa kanyenya. Apa nyama inasintha chikhalidwe. Kale munthu ankadikira mwambo kuti alawe mbuzi. Tsopano anangofunika ndalama yochepa m'thumba. Pitani pa Chintheche madzulo mukaone. Mbuzi yophedwa m'mawa yapachikidwa pa mtengo, mnyamata akudula nthuli pa thabwa. Pambali pali chiwaya, chitsulo chokhala ndi dzenje pakati pamene mafuta akuwira, ndipo nyama yakupsa amaikankhira m'mphepete kuti isazizire. Wina ali ndi mbaula ndi waya, akupemerera makala ndi katoni. Wogula amaima n'kuyang'anitsitsa.

"Achimwene, kolawa kaye."

"Lawani bwana, iyi ndi ya lero lomwe. Ndikuikireni nthiti kapena chiwindi?"

"Nthiti ziwiri ndi nthumbwana imodzi. Musaiwale banyira."

Mchere ndi tsabola wosinja zili m'kambale, aliyense amadzithirira yekha. Ena amadyera tchipisi, ena chinangwa chokazinga kapena nthochi zootcha. Nkhumba nayo ili ndi chiwaya chake chapadera, patali pang'ono, polemekeza amene sadya. Ichi ndi chakudya cha pamsewu, cha madalaivala, aphunzitsi olandira kumene malipiro, ndi asodzi amene agulitsa bwino. N'zochititsa chidwi kuti msodzi akapeza ndalama amathamangira mbuzi, chifukwa nsomba amaiona tsiku lililonse. Koma yemweyo akakhala ku Mzuzu kapena ku Johannesburg miyezi ingapo, chimene amalota si mbuzi ayi.

Alendo okaona malo anabweretsa gawo lina la mbiriyi. Magalimoto akuluakulu onyamula azungu oyenda kuchokera ku Nairobi kupita ku Cape Town anazolowera kugona pa Kande, ndipo malo ogona alendo anamangidwa m'mbali mwa mchenga woyera wa Chintheche. Mu 2004 chikondwerero cha nyimbo cha Lake of Stars chinachitika koyamba pa Chintheche Inn. Ophika a m'malo amenewa, ena mwa iwo zidzukulu za ophika a ku Salisbury aja, anayamba kuotcha nsomba ndi adyo, ndimu ndi zokometsera zina. Alendo ankafika akufunsa chambo, popeza ndilo dzina limene analimva, koma ambiri ankachoka akutchula batala.

Masiku ano achinyamata amaonera pa foni mafilimu a ku South Korea, momwe anthu amakhala mozungulira tebulo lokhala ndi moto pakati, aliyense akudziotchera nyama. Nakonso mkangano ndi womwewu: wina amakonda bulgogi, nyama ya ng'ombe yopyapyala yonyikidwa mu msuzi wa soya, adyo ndi zotsekemera, wina galbi, nthiti za ng'ombe, wina samgyeopsal, nyama ya pamimba pa nkhumba yamizere ya mafuta, imene amaikulunga m'tsamba la letesi. Nakonso mbiri ndiyo inasankha. Kwa zaka mazana chipembedzo cha Chibuda chinachepetsa kudya nyama, ndipo chizolowezi chodya nyama chinabwereranso mwamphamvu m'nthawi ya ulamuliro wa a Mongol. Ng'ombe inali yolimira, choncho nyama yake inali ya olemera ndi ya masiku apadera. Samgyeopsal, imene lero ambiri amaiona ngati yachikhalire, inafala m'ma 1970 ndi 1980, pamene ogwira ntchito m'mizinda ankafuna nyama yotsika mtengo ndipo timbaula ta gasi tinafika paliponse. Anthu a ku Korea anatenga chakudya cha anthu wamba n'kuchinyadira mpaka dziko lonse lachidziwa. Ife tili ndi chathu chimene sichichepa pa chimenecho.

Tsono tiike zonse pa mphasa tisankhe. Mbuzi ili ndi fungo lokopa, ndipo nthiti yake ikapsa bwino ndi yosaiwalika, koma ikachedwa pa moto imauma n'kulimba. Nkhuku yachikuda ndi ya ulemu, koma kukoma kwake kwenikweni kuli mumphika, momwe imafewa n'kupereka msuzi. Nkhumba ndi yonona, koma imagawa anthu: pabwalo limodzi ena adya, ena ayang'ana kumbali. Chambo ndi mfumu ya kummwera, ndipo kuno chimapezeka mochepa. Kampango ali ndi mnofu wambiri wopanda minga yovuta, koma amakoma koposa akawambidwa n'kuphikidwa ndi tomato. Usipa wauwisi wootcha pa waya ndi wokoma zedi, ndipo ndi umene walera ana ambiri a kuno, koma ndi wa kanthawi, umatha m'kamwa usanakhutire nawo. Mpasa akanapikisana, koma wasowa kotero kuti ana ambiri a lero sanamuonepo.

Atsala batala, ndipo ine ndaima pa iyeyu. Zifukwa zake zimaoneka pa moto pomwe. Mayi wodziwa ntchito yake amasankha wa m'mawa womwewo, wa maso owala ndi makha ofiira. Amamupala mamba, kumutumbula, kumutsuka, n'kumucheka mizere itatu kapena inayi mbali zonse kuti mchere ulowe. Sathira mafuta ngakhale dontho, chifukwa nsombayi imabwera ndi ake. Amadikira malawi azime, makala ayere phulusa pamwamba, ndipo pokhapo amamugoneka pa waya. Posachedwa khungu limayamba kutuwa kenaka kufiira, mafuta akudontha pa makala n'kubweza utsi umene umalowanso mu mnofu. Wosadziwa amafulumira kutembenuza ndipo khungu limatsalira pa waya. Wodziwa amadikira mpaka nsomba italeka yokha chitsulo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Akatembenuza kamodzi, kwatha. Wogula akanena kuti, "Ama, ndipatseni wapakatiyo," mayiyo amayankha kuti, "Ada, dikirani pang'ono, sanafike," ndipo sapereka mpaka atakhutira yekha.

Mnofu wake ndi woyera, wofewa, wosweka m'zigawo, ndipo umachoka pa munga wapakati mosavuta, moti mwana ndi nkhalamba yopanda mano amadya limodzi. Kadontho ka ndimu, tsabola wa kambuzi mmodzi, chigwada pambali, ndi mbamu ya kondowole yonanda ku zala: palibe chosowa. Batala sasankha mpingo, Mkhristu wa mtundu uliwonse ndi Msilamu amadyera mbale imodzi. Safuna firiji kapena zokometsera zogula kusitolo. Ndipo mwa zootcha zonse za kuno, ndi iye amene wanyamula mbiri yonse: madzi akuya, mpani wa makolo, chinangwa cha m'malinga, waya wa matchona ndi msika wa lero.

Koma kusankha kumeneku kuli ndi ngongole yake. Ntchila, imene inali yochuluka m'nyanja muno, inatha mphamvu m'zaka zochepa chabe chifukwa chogwidwa mopyola muyeso ikupita kukaswana. Mpasa akutsata njira yomweyo, popeza mitsinje yadzaza matope ochokera m'minda ya m'mapiri odulidwa mitengo. Batala amadalira usipa ndi utaka; tikakokolola tiana ta nsomba ndi maneti a udzudzu, tikumulanda chakudya, ndipo tikudzilanda tokha. Asodzi eni ake akunena kuti masiku ano amapita kutali kuposa kale, mafuta a injini akukwera, ndipo mphepo ya mwera ikawapeza kumeneko moyo umakhala pachiswe. Moto nawo uli ndi mtengo wake. Thumba lililonse la makala ndi mulu uliwonse wa nkhuni zowambira nsomba zimachokera m'nkhalango za Kandoli, Mkuwazi ndi mapiri ena amene amasunga madzi a mitsinje yathu.

Njira zotetezera zilipo ndipo zayamba kale. Lamulo la za usodzi la 1997 linapereka mpata woti anthu a m'midzi atenge nawo mbali kudzera m'makomiti a kugombe. Bungwe la Ripple Africa, limene lili ku Mwaya pafupi ndi Kande, lagwira ntchito ndi mafumu, asodzi ndi nthambi ya boma ya za nsomba kukhazikitsa malamulo a m'madera oletsa maneti a udzudzu ndi kuteteza malo oswanirana nsomba, komanso lafalitsa mbaula ya Changu Changu Moto imene imadya nkhuni zochepa. Mafumu monga Fukamapiri, Malengamzoma, Mankhambira, Timbiri ndi M'bwana ali ndi mawu amene anthu awo amawamvera. Koma komiti singalondere gombe lililonse usiku uliwonse. Mphamvu yaikulu ili ndi wogula. Tikakana kugula tiana ta nsomba, ogwira adzaleka. Tikalemekeza nyengo yotseka usodzi wa makoka, nsomba zidzaswana. Wootcha aliyense akadzala mitengo yobwezera imene amatentha, moto sudzazima.

Makolo a kuno anapirira kashembe, nthungo za Angoni, msonkho wa atsamunda ndi zaka zambiri za amuna kukhala kutali, ndipo pa zonsezi nyanja sinawataye. Mbadwo wathu ndi woyamba kukhala ndi zida zokwanira kuitopetsa. Amene amati amakonda batala aonetse chikondicho pa msika, pa gombe ndi pa msonkhano wa mudzi, chifukwa mwana wobadwa chaka chino ku Usisya kapena ku Kande ali ndi ufulu wodzakula n'kudzasankha yekha chootcha chapamtima pake, zonse zikadalipo.